Kiyi Wachitatu

4 Januwale

Okondedwa achemwali,

Choyamba ndi moni. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi ntchito yanu yochapa ndi kusita zovala za anthu. Ife kuno tili bwino kwambiri, makamaka amunanga, amene thanzi lawo likusangalatsa aliyense wowaona.

Musadabwe kuti kalembedwe kanga sikanabwererebe mwakale. Dzanja lija ndinapweteka pachitseko likadali lotupa, ndiye zilembo zikumatuluka zazikulu ngati za munthu wamwamuna wophunzira bwino.

Nkhani ndi yakuti ndalama munatumiza mwezi watha zija zinafika, koma zinachepa. Sikuti ndikudandaula ayi. Amunanga, pokhala munthu woona patali, anagula maloko ena atatu: wa pakabati, wa pawindo la kubafa, ndi wa pachitini cha shuga chifukwa cha nyerere. Panopa m'nyumba muno muli maloko khumi ndi anayi, ndipo oyandikana nafe akupsa mtima ndi nsanje. Amunanga akamadutsa amawatchula kuti a Makiyi, lomwe ndi dzina laulemu.

Choncho mutumizenso, muwonjezereko pang'ono. Mutumize m'dzina la amunanga monga mwa nthawi zonse, chifukwa chiphaso changa anandisungira m'bokosi lachitsulo kuti chisade. Ine ndine munthu wotaya zinthu, ndiponso ndalama zimandizunguza mutu. Dzulo lomweli ndikumeta ndevu ndimaganiza kuti akazi ambiri alibe mwayi ngati wanga. Ndikutanthauza kuti amunanga ndiwo amameta, ine ndimagwira galasi.

Foni musavutike kuimba. Mukaimba ndimakhala ndikusamba.

Ndine mng'ono wanu womvera

18 Januwale

Kachala,

Moni. Ndili bwino, kungoti msana. Kalata yako ndalandira, ndipo ndaiwerenga mano ndili gwa.

Ndikufunse: ukuganiza kuti kuno ndalama ndimazitola m'matumba a mathalauza ndimachapawa? Ndimalowa m'chipinda chositira dzuwa lisanatuluke, nthunzi ili tolo, malaya makumi asanu ndi limodzi patsiku, ndipo bwana akapeza khwinya limodzi pakolala amabweza mulu wonse. Zaka ziwiri tsopano kalata iliyonse ndi "tumizani, tumizani". Palibe ngakhale kufunsa kuti bondo lija lili bwanji.

Ndipo wasintha. Amayi anakupatsa dzina lakuti Kachala chifukwa chala chako sichinkachoka m'chitini cha shuga, lero ndiwe ukuyamikira loko wa pashuga? Wayamba liti kunditchula "okondedwa"? Kale kalata yako inkayamba ndi kundinena mphuno. Ntchito yophika buledi ija unaisiya osandiuza, ndinachita kumva kwa alamu kuti ufa umakuyetsemulitsa. Foni ndikaimba amayankha ndi alamu omwewo: "Akusamba." M'mawa ukusamba, masana ukusamba, Lamlungu ukusamba. Zaka ziwiri, mwana wa amayi. Khungu lidakalipo?

Dzanja lotupa zaka ziwiri ndi lopita nalo kuchipatala, osati lolembera makalata opempha.

Ndatumiza, koma ndikunena poyera kuti ndakhumudwa. Ndinakulera ine amayi atamwalira, ndipo sindinalere munthu wopemphapempha. Banja lakukoma mpaka waiwala kuti uli ndi m'bale, wangokumbukira kuti uli ndi banki. Alamu uwapatse moni, iwo okha ndiwo amandiyankha mwaulemu.

Mkulu wako

2 Febuluwale

A Mphuno,

Ndine. Pepani, mapepalawa ndi okulungira sopo, ndipo pensulo ndabwereka kwa amayi ogulitsa makala kuseri kwa mpanda wathu. Kalatayi aponya ndi iwo. Yankho mutumize kwa iwo, adilesi ndi nambala yawo ya foni zili kumbuyoku.

Kalata yanu yondikalipira ndaipeza m'dilowa ya a Makiyi, pamodzi ndi makalata ena makumi awiri ndi atatu amene sindinawaonepo. Achemwali, zaka ziwiri zonsezi ine sindinakulembereni ngakhale mzere umodzi. Amalemba ndi iwo. Ndevu zija n'zawo.

Ndawerenga onse nditakhala pasimenti. Ndinalira, kenako ndinaseka pa nkhani ya khungu ija, kenako ndinaliranso. Bondo lili bwanji?

Ndikuuzeni mmene zilili. Ntchito ya buledi sindinaisiye. Tsiku lamalipiro a Makiyi ankandidikirira pageti, envulopu n'kuilandira isanafunde m'manja mwanga. Nditapempha abwana kuti azindisungira theka, iwo anamva, anapita kukanena kuti ndili ndi chifuwa chopatsirana, ntchito n'kuthera pomwepo. Tsiku limenelo ndi limene dzanja langa linakumana ndi chitseko. Chitsekocho anali atachigwira ndi iwo. Foni yanga, khadi la kubanki ndi chiphaso zili m'bokosi lachitsulo, ndipo bokosilo analimangirira ndi tcheni kumwendo wa bedi. M'mawa amandisiyira machesi atatu ndi masupuni awiri a mafuta, sopo amachita kudula ndi ulusi. Akamapita kuntchito amakhoma chitseko ndi geti kunja.

Tsono mufunsa kuti dilowa ndinaitsegula bwanji. Munthu ukamakhala ndi maloko khumi ndi anayi tsiku lonse, wopanda wolankhula naye, umayamba kucheza nawo. Ndinathyola waya wa ambulera yakale n'kuunola pasimenti. Loko woyamba ananditengera miyezi inayi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Panopa wa pashuga ndimamutsegula ndisanamalize kuyasamula. Ndimamwa tiyi wa masupuni anayi n'kukhomanso bwinobwino. Iwo akayeza ndi kamtengo kawo n'kupeza kuti shuga watsika, amatukwana nyerere.

Khumi ndi atatu ndimawatha. Wa pabokosi yekha ndiye wandikanika: ndi wa mtundu wina, kiyi wake ndi wobulungira ngati kachitoliro, waya sulowa. Geti ndikhoza kulitsegula lero lomwe, koma ndikapite kuti wopanda chiphaso? Palibe angandilembe ntchito, palibe angandipatse chipinda, ngakhale ndalama zanu zomwe sindingalandire. Munthu wopanda chiphaso ndi mkazi wa amunake basi.

Ndalama musasiye kutumiza mwadzidzidzi, angandikayikire. Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Ndithandizeni nzeru.

Kachala

14 Febuluwale

Kachala wanga,

Moni, mwana wa amayi. Kalata yako ndinaiwerengera kuntchito simbi ili pamalaya a munthu, ndipo malayawo tsopano ali ndi windo kumsana. Andidula malipiro koma sindikudandaula. Ndikhululukire. Munthu anandilembera za ndevu, ine n'kumangoti mng'ono wanga wayamba nthabwala zachilendo. Ndinkawapatsa moni, Kachala. Mwezi ndi mwezi thukuta langa linkagula maloko okutsekera iwe. Bondo lili bwino, usaliganizire.

Ndinafuna kukwera basi tsiku lomwelo, koma mnzanga wa pamakina ochapira anandigwira mkono. Anati, "Ukafika ukatukwana, ukabwerako, nanga iye akatsala ndi ndani m'nyumbamo?" Ndiye tagwirizana izi. Ndagula loko wodula kuposa onse m'sitolo, wolemera ngati mwala, wonyezimira. Amabwera ndi makiyi atatu. Awiri ndatumiza kwa alamu pamodzi ndi lokoyo ngati mphatso, wachitatu ndi uyu ndamusokerera m'kansaluyu. Munthu wokonda maloko chonchija sangapirire: achotsa wakale pabokosi paja n'kuikapo watsopano. Akangotero, iwe tsegula, tenga chiphaso, tuluka. Amayi amakala andiuza pafoni kuti akudziwa nyumba ina yosungira amayi othawa nkhanza, ndipo akuperekeza.

Asangalale nayo mphatsoyo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mphuno

1 Malichi

Okondedwa achemwali,

Moni wochuluka. Phukusi lafika. Amunanga atalitsegula, misozi inalengeza m'maso mwanga, ndiye kuti mwawo. Akuti pa abale anga onse, inu nokha ndinu mumawamvetsa.

Loko ngati ameneyu sanamuonepo. Anamutsegula ndi kumutseka kokwana makumi anayi, akumvetsera kulira kwake. Anagona naye pansi pa pilo masiku atatu. Kenako anaganiza mofatsa, monga amachitira anthu anzeru, kuti loko wabwino chonchi sangakhale poonekera, angabedwe. Choncho amukulunga m'thaulo n'kumutsekera m'bokosi lachitsulo lija pamodzi ndi makiyi ake awiri. Ali pabwino, musade nkhawa.

Chodabwitsa n'chakuti pachikuto analemba kuti makiyi ndi atatu. Mukadandaule kusitoloko. Anthu masiku ano asiya kukhulupirika.

Ndalama za mwezi uno sitinazione m'phukusimo. Mwina munaiwala chifukwa cha chisangalalo.

Mng'ono wanu womvera

18 Epulo

A Mphuno,

Moni. Amayi amakala anakuuzani kale pafoni kuti ndinatuluka ndipo ndili moyo. Nazi zimene mayunitsi awo sakanakwanitsa.

Nzeru yanu ija inali yabwino, kungoti inakumana ndi a Makiyi. Ndinatsala ndi kiyi wa loko amene watsekeredwa m'bokosi ndi loko amene ndilibe kiyi wake. Ndinamuvala m'khosi pa ulusi, tsiku lililonse n'kumamuseka. Koma nkhani ya kiyi wachitatu inawasowetsa tulo. Anayamba kusecha nyumba yonse, ndipo pa 20 Malichi anapeza waya wanga pansi pa matiresi. Sindilemba zonse. Dzino limodzi la kumanzere palibe. M'mawa mwake atapita kuntchito ndinatsegula chitseko ndi chogwirira cha supuni, geti ndi pini, n'kukhomanso zonse bwinobwino kuti nyerere zisalowe. Chiphaso ndinachisiya.

Kuno kunyumba yosungira amayi ija tilipo khumi ndi mmodzi. Amayi alangizi, amene amayang'anira nyumbayi, ndi munthu wabwino koma amakhulupirira mafomu. Akuti pali thumba lothandiza amayi ngati ife kuyamba bizinesi. Kuti ulandire pamafunika akaunti ya kubanki. Akaunti imafuna chiphaso. Kuofesi ya ziphaso akuti andipatsa china ndikabwera ndi kalata ya apolisi yoti chakale chinatayika. Apolisi akuti sichinatayike popeza ndikudziwa pamene chili, ndingopita ndikatenge. Ndinawaonetsa pamene panali dzino. Anati imeneyo ndi fomu ina.

Pafomu ya alangizi pali mzere wakuti "luso lanu". Ndinati palibe, iwo analemba "palibe". Anandiika m'kalasi yopanga sopo. Sopo wanga satulutsa thovu, panopa amayi ena akukhomera misomali. Anandisamutsira kosoka, ndinasoka thalauza lokongola koma miyendo yonse ndinaitseka kumapeto. Aphunzitsi anati ndili ndi mtima wotseka zinthu. Ndinapita kukalira kuseri kwa thanki yamadzi, chifukwa ndinayamba kukhulupirira zimene a Makiyi ankanena, zoti popanda iwo sindingapeze ngakhale ya mchere.

Sabata ziwiri zapitazo alangizi anatsekera makiyi a ofesi m'kabati ya mafomu. Anthu anasonkhana, wina anabwera ndi hamala. Ine ndinangobwereka pini ya paduku la mayi wina. Pamene alangizi amatembenuka kuti andiuze ndisawononge, kabati inali yasaa. Anandiyang'ana, anayang'ana fomu yanga, anafufuta "palibe" uja mpaka pepala linabooka. Anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti. Ndinati kusukulu yogonera komweko, zaka zisanu ndi chimodzi.

Panopa ndili ndi kathebulo pamsika, pakati pa wokonza mawotchi ndi wosoka nsapato. Wamawotchi wandibwereka tupa ndi mbaniro. Anthu amataya makiyi kuposa mmene mungaganizire, achemwali: a masutikesi, a njinga, a mashopu. Dzulo kasitomala woyamba atandiika ndalama m'manja, ndinatembenuka kuti ndione amene alandire. Kunalibe munthu, kunali wansapato akudya nthochi.

Vuto ndi limodzi. Oyang'anira msika andipatsa mpaka kutha kwa Meyi kuti ndilembetse malowa, apo ayi kathebulo kachoke, ndipo kulembetsako kukufuna chiphaso. Ndagula maloko awiri akale a kiyi wobulungira, ndikucheza nawo.

Kachala

20 Epulo

Okondedwa achemwali,

Moni. Ndili bwino ndipo ndili pakhomo pano, sindinapite kulikonse. Mukamva anthu akunena zina, ndi nsanje. Panopa ndakhala pampando, amunanga ali apo akundiyang'ana mwachikondi. Ndanenepa.

Nyerere zija zasiya kudya shuga, umboni woti maloko amagwira ntchito. Komabe tawonjezera ena asanu. Ndalama za miyezi iwiri sizinafike, ndipo amunanga ayamba kuoneka onyozeka pamaso pa anthu.

Ndifunseko: kodi sindinakulembereni kalata ina posachedwapa yonena kumene ndili? Ngati ndinalemba, mundikumbutse adilesi yake.

Mng'ono wanu womvera

27 Epulo

Mng'ono wanga womvera,

Moni, ndipo ndakondwa kumva kuti wanenepa. Kalata ina sunalembe. Ukanalemba nthawi yanji ukusamba?

Ndalama ndatumiza, za miyezi itatu pamodzi. Kungoti ulendo uno ndalemba dzina lako, dzanja linaterereka. Ukatenge ku positi ndi chiphaso chako pasanathe masiku makumi atatu, apo ayi zibwerera kuno. Alamu akutsegulire bokosi lija, ndi munthu womvetsa.

Mkulu wako

4 Meyi

Okondedwa achemwali,

Moni mwachangu. Pachitika kavuto kakang'ono kamene si kulakwa kwa munthu aliyense.

Za ku positi sizovuta. Amunanga akanditengera, popeza anthu akakhalitsa m'banja nkhope zimafanana. Vuto ndi bokosi. Chichokereni ine, ndikutanthauza chiyambireni kukhala pakhomo kwambiri, amunanga anakhwimitsa chitetezo. Kiyi wa bokosi anamuika m'dilowa. Kiyi wa dilowa anamuika m'chitini cha shuga. Lachiwiri lapitali anatsegula bokosi kuti atenge chiphaso, koma ataona loko wanu uja anayamba kumupukuta, mtolo wonse wa makiyi atauika m'bokosimo. Atamaliza anabweza kiyi wa bokosi m'dilowa, wa dilowa m'chitini, n'kudina maloko onse monga mwa chizolowezi chawo chabwino. Chiphaso chili m'bokosi. Kiyi wa chitini alinso m'bokosi. Dongosololi ndi langwiro, palibe wakuba angalowe paliponse.

Geti ndi lokhoma, ndiye amunanga akumapita kuntchito podumpha mpanda, ndipo thalauza lawo labwino lang'ambika malo osayenera. Tiyi tikumwa wopanda shuga. Sopo ali m'kabati, choncho lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi ndisanasambe.

Kuthyola maloko akukana, akuti kuli ngati kuthyola mwana mkono. Pakufunika mmisiri wotsegula popanda kuwononga, koma ndalama zili m'dilowa. Tithandizeni.

Mng'ono wanu womvera

8 Meyi

Kachala,

Moni. Werenga kalata ndaikamoyi, akuti wailemba ndiwe. Ine ndimangofuna kuti chiphaso chituluke m'bokosi, apite nacho ku positi, akalaliki akachilande. Sindimadziwa kuti munthu angadzikhomere yekha chonchi. Choipa chitsata mwini.

Ndikhoza kuwayankha kuti ndawapezera mmisiri, abwera Lachitatu pa 20, adzamulipire dilowa ikatseguka. Koma sindilemba usanavomere. Nyumba imeneyo inakudya dzino. Ukaona kuti mtima sukulola, tizisiye, tidzalimbana ndi mafomu mpaka tidzakalambe ndipo palibe adzakunene. Ukapita, usapite wekha. Undiyankhe pafoni ya amayi amakala.

Mphuno

21 Meyi

Alamu,

Moni sindipereka. Ndikulemba ine mwini nyumba, ndipo aka n'koyamba kukulemberani.

Mmisiri munanditumizira dzulo uja ndi mkazi wanga. Anabwera ndi chikwama cha zida, mayi wina wonyamula mafomu, wapolisi wamkazi, ndi mayi wamakala uja atanyamula fosholo popanda chifukwa chomveka. Geti analitsegula ine ndisanatsike pampanda. Moni wa m'banja sanandipatse. Anangoti, "Bambo, maloko ndi angati?" Ndinati khumi ndi asanu ndi anayi. Anati amalipiritsa pa loko aliyense. Ndinamukumbutsa kuti maphunziro ake onse anachitira m'nyumba mwanga, pamaloko anga, kwaulere, ndiye ngati pali woyenera kulipira ndi iyeyo. Wapolisi anaseka, zimene si zololedwa pantchito.

Anatenga chiphaso, foni, khadi, ndiponso loko wanga wamphatso ndi makiyi ake, akuti wachitatu ali naye m'khosi. Apa ndi pamene ndazindikira kuti kusitolo kuja sanalakwe. Mwandipweteka, alamu. Ndimakuyesani munthu.

Andisiyira pepala loti ndikaonekere kukhoti pa nkhani ya dzino ndi ya makalata. Makalatawo ndinkalemba pomuthandiza, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti anali aulemu kuposa ake. Mumuuze abwerere, ndamukhululukira. Shuga ndizimusiyira wosakhoma Lamlungu lililonse.

Ndalama za ku positi zija ndi za banja, ndipo mutu wa banja ukudziwika.

Ndine mng'ono wanu womvera

30 Meyi

A Mphuno,

Moni. Bondo lili bwanji? Ndafunsa koyambirira kuti musadzanenenso.

Pafoni ndinangoti zatheka. Zoona zake n'zakuti pageti paja ndinafuna kubwerera. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti a Makiyi anatsika pampanda mwakachetechete. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkamva makiyi akulira iwo asanafike. Tsiku limenelo sikunalire kanthu. Anali munthu chabe, wa thalauza long'ambika, wofunika sopo.

Alangizi anati tisachedwe, nditsegule chitini cha shuga, nditenge kiyi wa dilowa, m'dilowa tipeze kiyi wa bokosi. Zinali zanzeru, koma ndinakana. Loko wa pabokosi uja ndinali naye nkhani. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kutulutsa zida zanga. A Makiyi anaima pakhomo n'kumati, "Sangathe ameneyo, mutu wake ndi wa ufa." Atasendera phazi limodzi, amayi amakala anapingasa fosholo pakhomopo n'kunena kuti, "Khalani pansi bambo, mwatopa n'kudumpha mipanda." Anakhala. Ndinatseka maso, ndinasiya kumva mawu awo, ndinayamba kumvetsera lokoyo. Atati khethe, woyamba kuomba m'manja anali a Makiyi omwe, kenako anakumbukira.

Chiphaso chinali pansi pa thaulo. Pachithunzi pali mtsikana wa mano onse, akumwetulira ngati palibe chidzamuchitikire. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali ndipo ndinamumvera chisoni.

A Makiyi analipira maloko onse khumi ndi asanu ndi anayi pamaso pa wapolisi, alangizi n'kulemba lisiti mosangalala chifukwa inalinso fomu. Ku positi kalaliki atandifunsa dzina, ndinalitchula mokweza mpaka anthu a pamzere anatembenuka. Malo a pamsika ndalembetsa Lolemba, kathebulo sikachokanso. A thumba la bizinesi aja akuti fomu yanga tsopano ili bwino, kungoti alibe mzere wa otsegula maloko, ndiye andilemba pa opanga sopo. Kukhoti ndi pa 11 Juni. Ndikuopa, koma ndipita. Awiri a kunyumba yosungira amayi kuja ndayamba kuwaphunzitsa, ndipo mmodzi ali ndi dzanja labwino kwambiri. Anaphunzira sukulu ngati yanga.

Ndalama musatumizenso mwezi ndi mwezi. Gulani mankhwala a bondo, zotsalazo mukwerere basi. Ndapeza chipinda kuseri kwa wosoka nsapato: bedi, mbaula, windo limodzi, ndi chitini cha shuga chopanda chivundikiro. Nyerere zabwera, zenizeni tsopano, ndipo ndikuzisiya zidye. Mwini nyumba anati chitseko chilibe loko, ndikagule. Ndinati ndili naye. Ndinavula ulusi uja m'khosi, ndipo kiyi wanu wachitatu analowa ngati wafika kwawo.

Pa awiri aja, mmodzi ndapatsa amayi amakala. Winayo ndi uyu ndamusokerera m'kansalu kanu komwe kaja. Mukafika ine ndili kumsika, musadikire panja, mungotsegula. Ndipo mukadzaimba foni n'kumva kuti ndikusamba, ndiye kuti ndikusambadi.

Kachala